Bini Wapeza Ntchito M'boma

Pa Mponela palibe amene amamutchula kuti Johnny English. Pa bolodi la pakhomo pa vidiyo sho amangolemba ndi choko kuti "Mr Bean Kazitape 2", basi anyamata a kabaza ayamba kukocheza njinga. Rowan Atkinson angavale suti yodula chotani, angamupatse mfuti ndi galimoto ya Rolls-Royce yomvera mawu a mwini wake, kwa anthu a ku Dowa ndi Ntchisi ndi Bini yemwe uja, kungoti pano wapeza ntchito m'boma.

Filimu yake ndi Johnny English Reborn, ya mu 2011, yotsatira ina ya mu 2003. Ndi yakale ndithu, koma m'mashopu okopera mafilimu pa memore, kuchokera pa Madisi mpaka pa Malomo, filimu siikalamba malinga ngati muli kugwa, kumenyana ndi kuthamangitsana.

M'kachipinda ka vidiyo muli malamulo ake osalembedwa. Benchi lakutsogolo ndi la ana, lakumbuyo ndi la madoda amene akuti angolowa kudzabisala dzuwa. Ndiye pakati pamakhala katswiri uja woonera kale, amene ntchito yake ndi kuulula zomwe zikubwera. "Onetsetsani apa, achimwene, agogo awa si agogo ayi!" Akunena mayi wokalamba wa makina opopera fumbi m'nyumba, amene kumapeto kwake amakhala chigawenga. Anthu amamukalipira katswiriyo kuti atseke pakamwa, koma akangotuluka kukagula chipisi pa chiwaya, onse amayamba kufunsana kuti nanga apa zikutanthauzanji.

Pali malo amodzi pamene holo yonse imachita kudzuka. Nkhani ya filimuyi ndi yakuti English anachotsedwa ntchito ku bungwe la akazitape la MI7 chifukwa cha zomwe anapalamula ku Mozambique: anamutuma kukalondera pulezidenti wa dzikolo (wongopeka, wotchedwa Shambal), iye n'kutengeka ndi mkazi, pulezidentiyo n'kuphedwa. Chichokereni apo, munthu akangotchula dzina loti Mozambique, diso la Bini limayamba kuphethira lokha. Olemba filimuyi ku Britain ayenera kuti ankafuna dziko lakutali lomveka moopsa. Kuno Mozambique ndi pakhomo, kungodutsa pa Dedza mwafika, ndipo m'holomo simulephera munthu amene ali ndi alamu ake ku Angonia. "Madala, inu munapitako kuja, zinachitikadi zimenezi?" mnyamata wina amafunsa. Mdalayo amayamba wakhosomola, kenako n'kuyankha kuti nkhani za boma sakamba pagulu.

Zokoma m'filimuyi zilipo, ndipo zambiri ndi zija zosafuna womasulira. Ku Hong Kong, mnyamata wothamanga akulumpha makoma ndi madenga, Bini akumutsatira mosapupuluma, kutsegula zitseko, kukwera chikepe, n'kumupezabe. Apa madoda a kumbuyo aja amagwedeza mitu mokhutira, poti ukalamba wapambana. Kwina ali pamsonkhano ndi nduna yaikulu ya dziko la Britain, wakhudza kabatani ka mpando, mpandowo n'kuyamba kukwera ndi kutsika iye nkhope ili gwa ngati palibe chikuchitika. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi anamuonapo munthu wotere, amene zinthu zikumuonongekera poyera koma akupitiriza kulemba manotsi.

Zolakwika zake nazo n'zoonekeratu. Nthabwala ya agogo ija amaibwereza mpaka kutha mchere: Bini amenya mayi a bwana wake powayesa chigawenga chija, kumapeto amenyanso Mfumukazi ya ku Britain pa chifukwa chomwecho. Ana amaseka ulendo uliwonse, koma amayi ogulitsa zitumbuwa pakhomo, amene amaonera mosuzumira osalipira, amadandaula kuti mwana ameneyu sanalangidwe. Nthabwala zina ndi zomenyana kumalo obisika, zomwe zimachititsa kuti munthu amene walowa ndi mlamu wake ayang'ane kudenga. Ndipo nkhani yeniyeni, ya gulu la Vortex lofuna kupha nduna yaikulu ya ku China pogwiritsa ntchito mankhwala olamulira maganizo a munthu, palibe amaitsata. Akazitape akayamba kukambirana za makiyi atatu, holo imasanduka msika: wina akufunsa mtengo wa soya pa Ntchisi Boma, wina akuyankha foni mokuwa kuti ali kumaliro.

Ochita nawo filimuyi ndi anthu odziwika. Gillian Anderson ndiye bwana wa Bini, Rosamund Pike ndi katswiri woona za khalidwe la anthu, ndipo mnyamata wothandizira Bini, Tucker, ndi Daniel Kaluuya, wobadwira ku London kwa makolo a ku Uganda, amene anadzapata mphoto ya Oscar mu 2021. Tucker ndiye amatulukira kuti wopereka anzake ndi Simon Ambrose, mnzake wa Bini, koma Biniyo amamutsutsa n'kumuthamangitsa. Pamenepa anyamata aganyu a m'magolosale a pa Mponela saseka kwenikweni. Amangoti, "Ndi mmene zimakhalira, aise."

Ndi filimu yoti munthu aonere kamodzi, pagulu, katswiri woulula uja ali pafupi. Woonera yekha pafoni adzagona isanafike pakati. Yachitatu, Johnny English Strikes Again, inatuluka mu 2018, ndipo pa bolodi amangofufuta 2 n'kulembapo 3.