Nkhuyu za Teremu Yachitatu

Akuluakulu amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sanaonepo makina osindikizira, koma mwambi wawo umakwanira bwino patebulo la mphunzitsi wa ku Harare chaka chikamatha. Sukulu za ku Zimbabwe zimatsekera kumayambiriro kwa Disembala, ndipo masabata omalizawa mphunzitsi wa ku Msasa, Mabvuku kapena Tafara amalandira mapulojekiti onyezimira: chikuto cha pulasitiki, zithunzi zamakaka, Chingerezi chosapunthwa paliponse. Mwana amene chaka chonse wakhala akulimbana ndi dzina la sukulu yake yomwe, lero akufotokoza za kusintha kwa nyengo mwaukatswiri. Anzake enanso apereka ntchito yofanana ndi yakeyo mpaka polakwika pomwe, kusonyeza kuti m'kalasimo muli mgwirizano umene andale amangoulota.

Mtengowu sunabzalidwe ndi ana. Mu 2021 boma linayambitsa CALA, ntchito zimene ophunzira a Giredi 7, Fomu 4 ndi Fomu 6 ankachita kuti apezeretu malikisi 30 pa 100 alionse a mayeso a bungwe la boma la ZIMSEC. Maganizowo anali abwino, oti tsogolo la mwana lisatsamire pa pepala la tsiku limodzi. Vuto linali lakuti ntchitoyo inkapita kunyumba, ndipo kunyumba kuli amalume ophunzira, achemwali a Fomu 6, komanso mnyamata wa pashopu yosindikiza amene amalandira madola a ku America. Makolo anadandaula kuti akulipira fizi n'kumalembanso okha, ndipo mu 2024 boma linachotsa CALA n'kuika mapulojekiti ochitira kusukulu. Koma pofika apo ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, inali italowa kale m'foni, ndipo iyo sinenerera mtengo, imangofuna bandulo.

Ambiri amati mankhwala a kuberaku ndi ziro wamkulu wa inki yofiira. Koma mwambi uja sunanene zotaya nkhuyu. Wodya nkhuyu amaing'amba, n'kusuzumira, n'kuuzira nyerere, kenako amaona ngati patsala chodya. Mphunzitsi achite zomwezo: atseke pulojekitiyo, aitane mwini wake, amufunse kuti, "Iwe, tandiuza m'mawu ako zimene walemba patsamba lachiwirili." Mphindi zitatu n'zokwanira. Amene anabwereka mawu koma nkhaniyo anaimva, ayankha ngakhale mwachibwibwi, ndipo ameneyo akalembenso yekha. Amene anagula zonse adzayang'ana kudenga, kudikira kuti malata amunong'oneze. Ziro woperekedwa osafunsa amaika ana awiriwa m'thumba limodzi, komanso amaphonya wachitatu, wochenjera uja amene anasinthako mawu angapo kuti asagwidwe.

Ena ati nthawi palibe, kalasi ndi yodzaza, malipoti akudikira. Zoona, koma mphunzitsi yemweyo amatha usiku wonse akufufuza pa intaneti chiganizo chimodzi chokayikitsa, bandulo yake ikupsa, pamene mwini mlandu amakhala pabenchi lakutsogolo m'mawa uliwonse. Ena ati mwana wamanyazi angagwe chonsecho ntchito ndi yake. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, n'chifukwa chake kufunsako kuzichitikira pambali, m'Chishona kapena m'Chinyanja cha kwa agogo ngati Chingerezi chikumukola, pakuti chimene chikuyesedwa ndi kumvetsa. Ndipo njirayi imathandiza mwana amene maso amamulambalala, uja walemba ndi bolopeni m'kope lopindika chifukwa kwawo kulibe dola yosindikizira. Akafunsidwa amalongosola mpaka mphunzitsi kumuletsa.

Wopanda mwayi ndi mnyamata wa pashopu uja. Wakhoza Fomu 4 kambirimbiri, m'maphunziro onse, m'mayina a anthu ena, koma satifiketi alibe.