Mwambi wa agogo wavala tayi

Agogo anga ankati kupatsa n'kuika. Akamva kuti pakhomo lina moto sunayake, ankadikira kuti kude, n'kutapa ufa m'nsengwa, kuvundikira ndi chitenje, n'kudzera kuseri kwa nkhokwe kuti ngakhale nkhuku zisaone. Tikadandaula kuti nafenso tikudya kamodzi, ankatikumbutsa za njala ya 1949, mmene ena anapulumukira chifukwa cha lichero la chimanga lomwe anapatsa mnzawo zinthu zili bwino. Ufa uja, ankatero, sunapite. Wakasungidwa m'nkhokwe yosalowa anankafumbwe.

Agogowo anamwalira asanapondemo m'banki. Koma mwambi wawo ndakaupeza komweko, utavala tayi, ukununkhira perefyumu. Nanga kuika angakudziwe ndani kuposa anthu amene amadyera pomwepo?

Tsiku lina banki ina inabweretsa madesiki kusukulu ya mphwanga. Ana anawakhazika pabwalo kuyambira 8 koloko, dzuwa likuswa mtengo, kudikira mlendo wolemekezeka yemwe anatulukira cha m'ma 11. Atolankhani ndiwo anafika poyamba, chifukwa mphatso ya masiku ano siituluka m'galimoto kamera isanayatsidwe. Kenako anatsitsa cheke. Abale inu, cheke chake chija! Kukula ngati chitseko cha tchalitchi, chonyamulidwa ndi anthu anayi. Ahedi anagwira ngodya imodzi, agulupu ngodya ina, bwana wa banki ali pakati akumwetulira mano onse panja. Wojambula anati abwereze kupatsanako chifukwa agulupu anaphethira. Anabwereza katatu, moti ndinayamba kuyembekezera kuti madesikinso achuluka katatu.

Mwambo utatha, agulupu anafunsa monong'ona ngati chekecho chikagone kwawo kapena kwa ahedi. Mnyamata wa banki anawayankha mwaulemu kuti, "Gogo, ichi n'chojambulitsira chabe," n'kuchibweza m'galimoto. Cheke chokhacho m'dziko muno chimene ngakhale banki yochilemba singachilandire pawindo.

Ndisanamizire anthu, madesikiwo ndi enieni. Ana amene ankalembera pabondo, yunifolomu itatuwa ndi fumbi, lero akukhala pathabwa. Kungoti pa desiki iliyonse panalembedwa dzina la banki ndi penti wowala, ndipo mphwanga analidziwa kuwerenga dzinalo asanathe kulemba lake. Agogo ankavundikira mphatso ndi chitenje; awa chitenjecho amachisindikiza dzina lawo n'kugawira amayi ovina.

Kumpira ndiye kuika kwafika pena. Timu yomwe abambo anga ankaitcha Bata Bullets, amalume n'kudzaidziwa ngati Total Big Bullets, ena Bakili Bullets, kuyambira 2023 ndi FCB Nyasa Big Bullets. Kwathu mwana amapatsidwa dzina ndi azakhali kapena agogo. Timu imapatsidwa ndi amene wagula yunifolomu. Chikho cha FDH Bank chinayamba mu 2021. Silver Strikers ndiye sabisa n'komwe, ndi ana a Reserve Bank, n'chifukwa chake amatchedwa ma Bankers. Standard Bank imathamangitsa anthu m'misewu ya Lilongwe pa mpikisano wa Be More Race, ndipo kumeneko n'kokhako kumene ndinaona anthu akuthamangira banki popanda malipiro kulowa. Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Ligi ya ku England tinkaitchula ndi dzina la Barclays mpaka 2016, ndipo kuyambira 2010 ochemerera Liverpool a ku Ndirande ndi ku Kawale akhala akuyenda ndi Standard Chartered pachifuwa. Jezi anagula okha pakaunjika, ndi ndalama zawo, kuti azitsatsa malonda a banki yomwe sinawapatseko ngakhale tambala. Mwini wake ali ku London akumwa tiyi.

Aluso amalandira zotsala m'mbale, koma amathokoza kuposa onse. Mnzanga wina wolakatula ndakatulo anaitanidwa kumwambo wa banki, n'kuuzidwa kuti alakatule mwaufulu, bola dzina la banki limveke ndime iliyonse. Ndakatulo yake inali ya chikondi. Anaisintha usiku womwewo, ndipo mtsikana amene ankam'lira m'ndime yoyamba anasanduka akaunti yosungira ndalama pofika ndime yachitatu. Anthu anaomba m'manja. Anabwerako ndi envelopu, kapu, ndi ambulera.

Chinandisokoneza mutu n'chakuti madzulo a tsiku la madesiki lija, foni yanga inalira. Uthenga wochokera kubanki yanga, yomwe ija ya madesiki: andidula ndalama yosamalira akaunti. Posakhalitsa wina: andidula chifukwa chotapa ndalama pa ATM. Ndinakhala pansi n'kuwerengera, ndipo ndinaona kuti mwendo umodzi wa desiki ija ungakhale wanga. Ndiye kuti ndinapatsa nawo, mwakachetechete, usiku, popanda kamera, monga momwe agogo ankachitira. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankadziwa kuti apatsa.

Poti ndine mnzawo pa ntchito zachifundo, ndinalimba mtima kukapempha ngongole ya feteleza. Ndinaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi, ndipo nditafika ndinauza mayi wapadesikiyo kuti, "Mayi, kupatsa n'kuika. Mukandipatsa lero, mwaika." Anaseka mpaka kupukuta misozi, anati mwambiwo ngwabwino zedi, auza a zamalonda auike pa kalendala ya chaka chamawa. Kenako anandifunsa ngati ndili ndi chikole.

Ndinatuluka chimanjamanja. Pofika kunyumba ndinapeza mphwanga akuwerenga timakobidi take ta m'chitini cha mkaka. Anati akakula adzatsegula akaunti. Nditam'funsa kuti kubanki iti, anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Ya pa desiki ija, amalume."