Chikomekome cha Laputopu

Akuluakulu amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sankadziwa kuti tsiku lina mkuyuwo udzabwera ndi chomata cholembedwa Core i7. Mwambiwu ndikuwapatsa aphunzitsi a makwaya a kuno kwa Maganga, amene atopa ndi kulemba do-re-mi pabolodi ndipo tsopano akufuna kupeka nyimbo za mavayolini, malipenga ndi zitoliro pakompyuta.

Pulogalamu si nkhani. MuseScore ndi yaulere, ndipo chitulukireni MuseScore 4 mu Disembala 2022, mavayolini ake amalira mpaka munthu kutembenuka. Olira zenizeni ndi amene anazolowera Finale, poti eni ake anaisiya mu 2024. Pogona nkhani ndi pa makina.

Munthu amanyamuka ku Senga Bay m'bandakucha, kusintha galimoto pa Kamuzu Road, ulendo wa ku Lilongwe, ndalama za kwaya zili m'sokosi. Wogulitsa amapukuta laputopu ndi malaya ake, kiyibodi ikuthwanima mofiira ndi mobiriwira. "Bwana, iyi ndi i7, yangotsika kumene kuchokera ku UK!" Sakunama ayi. Chimene sakunena n'chakuti i7 imeneyo ndi ya 2012, ndipo Windows 11 imakana nkhalamba zotere, pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025.

Nyerere zazikulu zili pa RAM. Kulira kwa chida chilichonse kunachita kujambulidwa, ndipo kompyuta imakusunga m'menemo poimba. Ndi 4GB, mawu anayi a kwaya amayenda bwinobwino. Onjezani zida makumi awiri muone: makina amayamba chibwibwi, malipenga n'kumalowa mochedwa ngati atenala amene achezera usiku wonse panyanja kukoka chilimira. Funani 16GB, ndipo m'kati mukhale SSD, osati hard disk yakale ija yomwe potsegula nyimbo imakupatsani mpata wophika nsima. Za khadi la zithunzi lodula, asiyireni ana osewera magemu. Manotsi ndi timadontho takuda pamizere isanu basi.

Ndiye kuli dzuwa la Salima. Mu Okutobala fani ya laputopu imalira kuposa zitoliro zimene mukupekazo, makamaka ikameza mchenga wa kugombe. Ndipo nyerere zenizeni, zamiyendo, zimalowamo ndithu mukamadyera mandasi pakiyibodi, apa akuluakulu aja sanaphiphiritse n'komwe.

Pomaliza pamabwera batire, chifukwa magetsi amazima nthawi imene nyimbo yafika pokoma. M'shopu laputopu iliyonse imakhala yamphamvu, chingwe chili kukhoma. Musanatulutse ndalama m'sokosimo, nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, tazulani kaye chingwecho, timwe kaye zoziziritsa kukhosi." Wogulitsa akayamba kukufunsani za mtengo wa usipa ku Salima dzanja lili pachingwe, dziwani kuti minibasi zobwerera zikadalipo.