Bwana Akati Ali "Concerned"

M'tauni muno anthu anasiya kuda nkhawa. Nkhawa inatsalira kumudzi pamodzi ndi nkhokwe. Ife a ku Lilongwe ndi ku Blantyre mtima ukakhala m'mwamba timaufotokoza m'Chingerezi, ndipo sititola mawu mwachisawawa ayi. Alionse ali ndi ntchito yake, ndiponso munthu woyenera kuwamva.

Otchipa kwambiri ndi sitiresi. Imeneyi ndi ya aliyense: kondakitala pa depoti, mayi wa tomato, ngakhale kamwana ka sitandade 4 kamene kataya pensulo. Amene anatchukitsa mawuwa ndi dokotala Hans Selye, wobadwira ku Vienna, yemwe m'zaka za m'ma 1930 ankazunza makoswe ku Montreal. Ankawabaya majakisoni, kuwaika pozizira ndi kuwathamangitsa mpaka kulefuka, kenako n'kuona kuti atuluka zilonda za m'mimba. Akanabwera kuno sakanavutika kugula makoswe. Akanangoima pa mzere wa mafuta tsiku limodzi ndi kope m'manja.

Koma munthu akayamba kuvala tayi, sitiresi imamuchepera. Amakwera n'kufika pa "uncomfortable". Tapitani ku msonkhano wa komiti ya ukwati Lamlungu masana, pa khonde la nyumba ina ku Area 25, mipando yapulasitiki atabwereka kutchalitchi. Apampando alengeza kuti aliyense asonkhe K50,000 pofika pa 30. Pamakhala zii. Kenako mayi wina, magalasi adzuwa atawakwezera pamutu, makiyi a galimoto atawaika pantchafu kuti aliyense awaone, amayamba: "Apampando, ine pandekha sindili comfortable ndi figure imeneyo."

Tanthauzo lake tonse timalidziwa: ndalama palibe. Koma kunena kuti "ndilibe" n'kudzivula pagulu. "Sindili comfortable" imamveka ngati ndalamazo zili phwii ku banki, kungoti mayiwa ali ndi mfundo. Enanso onse amapumira m'mwamba ndi kugwedeza mitu, poti nawonso mfundo yomweyo yawagwira. Chodabwitsa n'choti mawu amenewa simudzawamva m'minibasi, mmene anthu anayi apanikizana pa mpando wa atatu, bondo la mnzako lili m'nthiti, ndowa ya usipa ili pamapazi. Mmenemo, mmene mawuwa akanagwira ntchito yake yeniyeni, munthu amangoti, "Achimwene, tasunthani pang'ono."

Oopsa pa onse ndi "concerned". Awa ndi a mabwana, ndipo tinawatengera kwa eni ake ndi khalidwe lawo lomwe. Mngerezi akakwiya sakweza mawu. Amachepetsa nkhani, amati ali "a bit concerned", ndipo wodziwa amayamba kulongedza. Mabwana athu anaphunzira bwino. Akakuitanira mu ofesi, n'kukuuza kuti utseke chitseko, n'kuvula magalasi pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Bambo, management ili concerned ndi mafikidwe anu," usayerekeze kuthokoza poganiza kuti akukudera nkhawa. Kalata yalembedwa kale, ili m'kabati, ikungodikira siginecha. Mnyamata wina wongoyamba kumene ntchito anayankha mwaulemu wonse kuti, "Zikomo bwana, musadandaule, ndili bwinobwino." Pano amayendetsa kabaza.

Mawu omwewa akatuluka mu ofesi amavala malaya ena. Anthu asanu akafuna kukapereka chikalata cha madandaulo kwa a DC, sadzitchula kuti okwiya kapena anjala. Amadzitcha "concerned citizens", ndipo atolankhani amabwera ndi makamera.

"Nervous" ndi ya tsiku la intavyu ndi tsiku lokaonekera kwa apongozi, ndipo palibe amakudzudzula nayo. "Anxious" imasokoneza, chifukwa eni ake amaigwiritsa ntchito pawiri: munthu wa mantha ali anxious, wolakalaka kukuona alinso anxious. Choncho mlamu akalemba pa WhatsApp kuti ali anxious kukuonani kumapeto kwa mwezi, zonse ziwiri n'zoona, iye mbali yolakalaka, inu mbali inayo. "Uneasy" palibe amaitchula pakamwa. Imakhala m'nyuzipepala basi, tsiku lotsatira zionetsero, pamene alemba za "uneasy calm" mumzinda, kutanthauza kuti mashopu atsegula chitseko chimodzi.

Tsono pali "worried". M'Chingerezi chakale mawuwa ankatanthauza kukanyanga pakhosi. Mpaka lero ku Britain, galu akamathamangitsa ndi kuluma nkhosa za mlimi, lamulo la mu 1953 limati galuyo akuchita "worrying", ndipo mwini wake amaimbidwa mlandu. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya lendi akhoza kuvomereza kuti tanthauzo lakalelo silinafe. Pa 5 mwezi ukangoyamba, 6 koloko m'mawa, kumamveka kugogoda. Alandilodi aima pakhomo ndi jekete la kutchalitchi, nkhope yachisoni. "Ayi, ndimangodutsa. Ndinali worried, foni yanu sikupezeka. Ndimati mwina mwadwala." Uku akulankhula, maso alowa kale m'nyumba, akuwerenga TV, firiji ndi sofa. Inu mwaima ndi mswachi m'kamwa, ndipo mukumva bwino lomwe kuti pa awirinu nkhosa ndi ndani.

Achinyamata ali ndi yawo, "awkward", imene amaitchula mokoka ndi kuseka. Ine ndimaona kuti ndi okhawa amene amanena zoona, chifukwa amafotokoza zinthu zimene zachitikadi. Lachisanu usiku muli pamalo ena ku Bwandilo, botolo lozizira lili m'manja, kanyenya wafika pambale. Mukatembenuka, maso akumana ndi mnzanu amene munamubwereka K80,000 mu Janyuwale, yemwe dzulo lomweli munamulembera kuti zinthu sizili bwino, mwana ali kuchipatala. Botolo simungalibise, nyama ili m'kamwa. Mumayamba kufotokoza kuti wagula ndi msuweni wanu amene wangotuluka kukayankha foni.

Iye amamwetulira, n'kukugwirani paphewa. "No worries, amwene." Mawu amenewa anatchuka kuchokera ku Australia, kumene amatanthauza kuti palibe vuto. Ku Bwandilo munthu akatero amakoka mpando, n'kukhala pansi, n'kuitana woperekera zakumwa, n'kumulozera inu: "Ziwiri zozizira, ndi nyama ina ngati iyi. Alipira abwanawa."