Malangizo kwa Wofuna Kusuntha Malire Osadetsa Nsapato

Malire a khonsolo, ndiko kuti mzere wolekanitsa dera la khonsolo imodzi ndi inzake, ndiwo katundu wopepuka kuposa onse amene boma limanyamula, pakuti amasuntha ndi pensulo chabe pamene mjigo umafuna simenti ndi mapaipi. N'chifukwa chake katswiri wofuna kukuza mzinda monga Mzuzu, umene unalandira ulemu wa mzinda mu 1985 ndipo wazingidwa ndi Mzimba ndi Nkhata Bay, kapena wofuna kukonza malire a Rumphi, ayenera kudziwa mwambo wa ntchitoyi.

Choyamba, msonkhano womva maganizo a anthu, umene tanthauzo lake ndi kuwauza anthu zimene zatha kale, uzichitikira kunyanja, kutali ndi malo amene mzerewo ukadutse, chifukwa fumbi limasokoneza maganizo ndipo alawansi sasainika bwino pansi pa mtengo. Mafumu ayitanidwe tsiku lomaliza, apatsidwe Fanta ndi sikono, ndipo kugwedeza mutu kwawo, ngakhale kukhale kwa tulo, kulembedwe kuti ndi chivomerezo.

Katswiriyo asaiwale kuti mzere wabwino umafika ndi msonkho, chitukuko n'kumabwera pambuyo ngati chili ndi thiransipoti. Mayi wogulitsa tomato pamsika adziwe kuti walowa mumzinda poona wodula matikiti ataima pa mulu wake m'mamawa, atamwetulira, zaka zambiri galimoto yotola zinyalala isanaonekere. Mwini nyumba ya udzu naye akondwere kuti tsopano ndi wolipira mareti, msonkho umene khonsolo ya mzinda imadula pa malo ndi nyumba. Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu mphamvu mkati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo, motero gogo amene anagona ali nyakwawa akhoza kudzuka ali munthu wamba, ngakhale kuti maliro akagwa anthu adzagogodabe pakhomo pake pofuna manda, osati pa ofesi ya meya, imene Loweruka imakhala yotseka.

Mtunda usawerengedwe konse. Munthu wa ku Bwengu, pamene msewu wa ku Rumphi umapatukira kuchoka mu M1, ali pafupi ndi boma la Rumphi, koma mapu amati kwawo ndi ku Mzimba, kotero ulendo wake wa kuboma uzionedwa ngati mwayi woona dziko. Nkhani yogawa Mzimba, boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, isakhudzidwe ndi munthu wofuna kugona tulo.

Za zikwangwani, mayina atsopano ndi zidindo palibe chovuta; zonsezo zimatheka sabata imodzi.

Anthu a ku Rumphi asaphunzitsidwe za malire, chifukwa sukuluyo anaimaliza kalekale. Nkhalango ya Nyika inakhazikitsidwa kukhala malo osungira nyama mu 1965, ndipo itakuzidwa mu 1978 mabanja anasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo mkati mwa mzere. Apa palibe choseketsa: munthu amene sangathe kukasesa manda a agogo ake popanda chilolezo sanafunsidwe maganizo, anangouzidwa, ndipo n'chipongwe kudabwa pamene zidzukulu zake zikwinya nkhope zikaona mlendo atanyamula mapu.

Pa nkhani ya nthawi, chitsanzo chabwino ndi malire a madera a aphungu, amene anakhala osakhudzidwa kuyambira 1998 ngakhale malamulo aakulu a dziko ankati aziunikidwa zaka 5 zisanadutse. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC litawaunika, madera anachoka pa 193 kufika pa 229 ndipo mawodi a makhansala anachoka pa 462 kufika pa 509, ndipo anagwira ntchito pa chisankho cha pa 16 September 2025. Phindu lake n'loonekeratu, pakuti msewu wa Rumphi–Nyika–Chitipa, umene wakhala ukulonjezedwa phula chisankho ndi chisankho, uli m'dziko limene olonjeza ake achuluka ndi 36, ndipo woyendetsa lole ya fodya akatitimira m'matope kupitirira Bolero angathe kudzitonthoza kuti watitimira m'dera loyezedwa bwino.