Chikomekome cha Nyumba Yatsopano

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ananena zimenezi asanaonepo penti. Akanati ayende lero pa boma la Chama, kapena adutse m'midzi ya kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa, n'kuona nyumba zomwe zikumera ndi ndalama za mpunga ndi thonje, malata ofiira ali nyezinyezi, khonde lamatailosi, chitseko chachitsulo, sakanavutika kupeka mwambi wina. Akanangofunsa kuti, "Kodi bambo, nyumbayi yaionapo mvula?" Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba yatsopano ndi mpumulo, kuti ukamanga n'kulowa ndiye kuti wathana nazo. Chikhalirecho, pa nyumba zonse za m'mudzi, yatsopano ndiyo yosadziwika khalidwe. Yakale timaidziwa pamene imadontha, ndipo beseni limakhala lili kale pamalo pake. Yatsopano sinaululebe kanthu, ndipo tsiku limene idzayambe kuulula idzapeza mwiniwake ali chimanjamanja, ndalama zotsala zitathera pa mbuzi ya phwando lolowera.

Nyerere yoyamba ndi nyengo imene timamangira. Mlimi wa ku Chama amagwira ndalama akagulitsa zokolola, cha m'ma Juni mpaka Ogasiti. Akaumba ndi kuwotcha njerwa, n'kukumba maziko, mmisiri amapezeka ali kalikiliki kuthira konkire mu Okutobala, mwezi umene kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kumafika madigiri 40, pothamangira kukhoma denga mvula isanagwe. Tsono konkire salimba chifukwa chouma. Amalimba simenti ikamamwa madzi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amafunika kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake imakwanira pakatha masiku 28. Koma tayesani kuuza mayi amene wakhala pamzere wa pamjigo kuyambira tambala woyamba kuti ndowa yachitatuyo ndi yomwetsa khoma, ana asanasambe. Khomalo limagona ndi ludzu, m'mawa n'kuoneka louma bwino, mwininyumba n'kuyamikira kuti dzuwa lathandiza ntchito. Pakatha miyezi ingapo pansi pamayamba kusungunuka, ndipo mayi akamasesa amawola mchenga tsiku lililonse osadziwa kuti akutaya nyumba yawo kudzala pang'onopang'ono.

Pansi pa zonsezi pali dothi. Madera ambiri a m'chigwa muli makande, dongo lija limene m'chilimwe limang'ambika mpaka mwanapiye kugweramo, ndipo mvula ikagwa limafufuma. Maziko amakumbidwa dongolo litafota, choncho mvula ya Disembala ikalowa pansi, nthaka imanyamula mbali ina ya nyumba, kenako chilimwe n'kuitsitsanso. Chitseko chimene chinkatsekeka ndi chala chimodzi mu Okutobala chimafuna phewa mu Febuluwale. Kalipentala akachipala, pofika Ogasiti pansi pake pamatsala mpata woti chule alowe osaodira. Mukamufunsa mmisiri za mng'alu wa pakhoma, yankho limakhala lokonzeratu: "Ikukhazikika, bwana, musade nkhawa." Nthawi zina amanena zoona, poti timing'alu topyapyala ta pulasitala sitigwetsa nyumba. Koma mng'alu wochokera pangodya ya windo, wotsetsereka motsata mizere ya njerwa, umene mwezi uno ukulowa chikhadabo ndipo mwezi wamawa ukulowa chala, umenewo ukuchokera kumaziko. Apa ndi pamene mlamu amayamba kuganiziridwa kuti walodza nyumba, makamaka amene pa tsiku la phwando anadya nyama osayamikira matailosi. Ndalama imene ikanamanga kakhonde kasimenti kozungulira nyumba, koti madzi a padenga azigwera kutali ndi maziko, imapita kwa sing'anga, yemwe amatsirika ngodya zonse zinayi dongo lili phee kudikira mvula ina.

Ndiye pali mtunda. Simenti imene imamanga ku Chama imapangidwa kutali, monga ku Chilanga pafupi ndi Lusaka kapena ku Masaiti pafupi ndi Ndola, ndipo imafika itadutsa Chipata ndi Lundazi, kapena itatsika kuchokera ku Matumbo n'kuwoloka Luangwa. M'chaka cha 2011 Chama anachotsedwa m'chigawo cha Kummawa n'kuikidwa m'chigawo chatsopano cha Muchinga, mu 2021 n'kubwezedwanso Kummawa, koma pa maulendo awiri onsewo thumba la makilogalamu 50 silinamve kuti njira yafupika. Kilomita iliyonse imawonjezera mtengo, ndipo mtengo ukakwera, wilibala ya mchenga imawonjezekera pa thumba lililonse. Simenti ikakhalitsa m'sitolo yachinyontho imachita mibulu n'kutha mphamvu, koma palibe amene amataya thumba loti labwera pa lole kuchokera kutali chonchi. Amaliphwanya ndi nyundo, kulisefa, n'kulipempherera. Malata nawo amasankhidwa ndi thumba la mwini: a geji 32 ndi opyapyala kuposa a geji 28, ngakhale nambala yake ikumveka yaulemu, ndipo akapakidwa utoto onse amawala mofanana mpaka mphepo yotsogolera mvula yoyamba itabwera kudzafunsa ngati mitanda inamangiriridwa kukhoma ndi waya.

Nyerere zenizeni nazo sizichedwa. Chiswe sichidziwa zoti nyumba ndi yatsopano. Chimangodziwa kuti pamalo pamene panali chulu chake, chimene anthu anagumula kuti apeze dothi la njerwa, pabwera matabwa aawisi osapakidwa mankhwala. Chimakwera mwakachetechete m'kati mwa khoma, n'kudya felemu ya chitseko kusiya penti yokha ili chiimire, mwaulemu wake. Ku siling'i kumalowa mileme, yomwe silipira lendi koma imasiya fungo loti mlendo akafika amayamba kuyang'ana ana mokayikira.

Wina anganene kuti kodi chachilendo n'chiyani, poti nyumba ya makolo nayonso inkafuna kufolera udzu, kumata ndi kuzira chaka ndi chaka. N'zoona, ndipo mfundo yagona pomwepo. Makolo ankadziwa kuti nyumba imadya, ndipo chakudya chake chinali pafupi: udzu kudambo, dothi kuseri kwa nyumba, mitengo ya tsanya imene chiswe chimaiopa, ndi anansi obwera kudzathandiza pakakhala mowa. Nyumba yamakono imadyanso, koma imadya makwacha, ndipo chigongono cha paipi chikasweka mwina chikapezeka ku Lundazi. Chimene chasintha n'chakuti mwini wake anauzidwa, kapena anadziuza yekha, kuti njerwa ndi malata zathetsa ntchito yokonza. Ngakhale mkuyu weniweniwo, akatswiri a zomera amati timavu ting'onoting'ono timene timalowa m'nkhuyu ndi timene timanyamula mungu kuti mbewu zake zikhwime. Nkhuyu ndi tizilombo zimabwera limodzi, ndipo akale sanaletse kudya nkhuyu. Ankangoibanthula kaye asanaiponye m'kamwa.

Wina anganenenso kuti mlandu wonse ndi wa amisiri achinyengo, oti simenti ina imatuluka pa njinga madzulo. Oterowo alipo, palibe angakane. Koma pa nyumba zambiri za anthu wamba, wogula zipangizo ndi mwininyumba, ndipo ndi iye amene amati, "Amisiri, matumba ndi omwewa, muone mochitira." Ndi iyenso amene amakana kugula pepala lakuda loyala pamaziko lotchinga chinyontho, chifukwa palibe wodutsa pamsewu amene adzalione, koma n'kugula magetsi amitundumitundu a pakhonde. Mmisiri amene wapatsidwa matumba osakwanira ndi tsiku loti amalize amachita zomwe aliyense angachite, ndipo pulasitala ndi penti zimasunga chinsinsi cha onse awiri. Bungwe la National Council for Construction limalembetsa makontilakitala, koma mmisiri wa m'mudzi kaundula wake ndi pakamwa pa anthu, ndipo anthu amayamikira nyumba pa tsiku lolowera, osati mu Malichi.

Boma, limene timakonda kuliseka pa nkhani ya zomangamanga, pamenepa lili ndi nzeru yoti tibwereke. Kuyambira pamene ndalama za chitukuko cha dera la phungu (CDF) zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, madera a aphungu a Chama North ndi Chama South nawo alandira gawo lawo la zomangira makalasi ndi zipatala zazing'ono. Pa mapangano a ntchito zotere, mwambo wake ndi wakuti kontilakitala sapatsidwa ndalama zonse tsiku lopereka makiyi. Kagawo kena kamasungidwa kwa miyezi ingapo, kuti chikaphwasuka china abwere adzakonze asanalandire. Mudzati mmisiri wa m'mudzi sangavomere, poti nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Angakane ndithu ngati mwamudzidzimutsa ntchito itatha, ndipo akhala ndi chifukwa chomveka chokutengerani kwa anyakwawa. Koma ngati mwapangana ntchito isanayambe, pamaso pa mboni, n'kulemba papepala, mmisiri wodziwa ntchito yake sataya kanthu, amangolandira mochedwerapo. Amene angalumphe ndi ukali atamva zoti mvula iyambe yayesa ntchito yake wakuuzani kale zimene zili m'kati mwa khomalo, ndipo wakuuzani ulere.

Choncho inu amene mukuwerengera masiku oti mulowe m'nyumba yanu chaka chino, chepetsani mbuzi za phwando, penti yakunja idikire kaye. Kwerani ku siling'i ndi tochi mmisiri ali pompo, thirani ndowa ya madzi m'bafa muone kumene akulowera, ndipo ndalama yake yomaliza mudzampatse mu Epulo.