Walira Mvula Walira Matope: Kasamalidwe ka Jenereta pa Kachulu

Jenereta ndi injini ya petulo yozunguza makina opanga magetsi. Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, imametetsa anthu, kutchaja mafoni a asodzi a matemba ndi kuonetsa mpira wa Bullets ndi Wanderers. Wogula amangoganiza za kuwala. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo mwambiwu anthu a ku Chilwa amaudziwa ndi mapazi: nyanja itaphwa mu 1968 ndi mu 1995 analira mvula, ndipo itabwera sinabwere yokha.

Matope oyamba a jenereta ndi oyilo. Ya fositiroko imafuna oyilo watsopano ikagwira ntchito maola 20 oyambirira, kenako pakatha maola 50 mpaka 100 alionse. Eni ake ambiri amawerengera mwa njira ina: amasintha oyilo tsiku limene injini yakana kulira, makasitomala ali pabenchi, mutu wa wina utametedwa mbali imodzi. Kajenereta ka thusitiroko nako kamamwa oyilo wosakaniza ndi petulo pa muyeso wolembedwa pathanki, osati wa m'maso.

Matope achiwiri ndi petuloyo. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, yemwe anayamba kupangidwa ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo m'mbali mwa nyanja chinyezi sichisowa. Petulo akakhalitsa m'thanki miyezi ingapo amasanduka phula lotseka timabowo ta kabuleta. Apa mwiniwake amakoka chingwe mpaka phewa kuphwanya, kenako n'kuyamba kukayikira woyandikana naye shopu. Mfiti yake imakhala kabuleta. Choncho posunga jenereta nthawi yaitali, petulo amakhuthulidwa, injini n'kuisiya ilire mpaka izime yokha. Pulagi amaichotsa, n'kudonthezera oyilo pang'ono pabowo lake, n'kuibwezera.

Utsi ndiye matope osaseketsa. Muli mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, wopha munthu ali m'tulo. Jenereta iyenera kulira panja, kutali ndi mawindo. Woopa akuba agule tcheni ndi loko, asagone nayo kuchipinda ikulira.

Posungira pakhale pouma ndiponso pokwera, chifukwa madzi a Chilwa ndi amchere, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo dzimbiri silichedwa. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa ya mpweya, yomwe imafuna kutsukidwa kawirikawiri. Otsala ndi makoswe. Jenereta yosungidwa pambali pa matumba a matemba ouma amaitenga ngati nyumba yogona alendo yoyandikana ndi lesitilanti, ndipo lendi amalipira podula mawaya. Mankhwala ake ndi kuivindikira bwino ndi kuiliza kwa mphindi zochepa kamodzi pamwezi ngati muli petulo, alendowo asanakhazikike.